Kabotolo Koyeretsa Maso

Célia anamva phokosolo asanafike pamsika. Anali atangoweruka kusukulu, mabuku ali m'manja, pamene anaona anthu akuthamangira pamphambano ya msewu wopita ku Chidzolomondo. Pa Furancungo anthu akaunjikana chonchi, ndiye kuti agwira wakuba kapena mota, njinga yamoto yonyamula anthu, yagunda munthu. Iye sanafune kuima, koma atasuzumira pakati pa mapewa a anthu, anaima pomwepo. Mota yofiira imene inagona m'fumbi, gudumu lakutsogolo likuzungulirabe, inali ya bambo ake.

Bambo akewo, a Justino, anali ataima pambali, chipewa cha mota chili m'manja. Pansi panakhala Lestina, mtsikana wa kalasi imodzi ndi Célia, atagwira bondo lotuluka magazi. Nthochi zimene ankapititsa kwa mayi ake pamsika zinali mbwee mumsewu.

"Sindinamuone," anatero a Justino. "Ndithu, mwanayu sindinamuone."

"Dzuwa lili paliwombo chonchi?" anakuwa a Orlando, mwini baraka yogulitsiramo sopo, mabatire ndi mankhwala pakhomo la msika. "Mwana wamkulu, wovala malaya oyera, osamuona? Nenani zoona, achimwene. Mwalawira kachasu mmamawa!"

Anthu anaseka, ena n'kuyamba kuthira ndemanga. Mayi wina anati dzana anamudutsa pafupi osamupatsa moni. Wina anati sabata yatha anagunda mbuzi itangoima m'mbali mwa msewu. Mawu akuti chidakwa anayenda pakamwa ndi pakamwa mpaka ana aang'ono anawatola.

Célia analowa pakati pa anthuwo, n'kumudzutsa Lestina, n'kumukweza pa mota ya José, mnyamata amene ankanyamula anthu pamalo amodzi ndi bambo ake, kuti amutengere kuchipatala. Bambo akewo sanawayang'ane n'komwe.

Chomwe chinkamupweteka n'chakuti iye ndi amene ankawaikira kumbuyo. A Justino ankadziwika kuti mowa salawa, ndipo ndiwo ankatsogolera kwaya kutchalitchi. Koma kwa miyezi ingapo zinthu zinali zitasintha. Ankagwetsa makapu patebulo, ankadzigunda phewa pafelemu la chitseko cha nyumba imene anamanga okha, tsiku lina anaponda mwanapiye akutuluka m'khichini. Anzake a Célia akamanong'ona, iye ankalimbana nawo. Tsopano zinali zitachitikira pagulu.

Mawa lake kusukulu, malo a Lestina anali opanda munthu. Pabolodi wina anajambulapo mota yokhotakhota ndi botolo pamwamba pake. Loweruka akuluakulu awiri a mpingo anabwera kunyumba, nalankhula motsitsa mawu pansi pa mtengo wa pichesi, ndipo pochoka anali atawauza a Justino kuti ayambe apumira kaye kukwaya.

Masana a tsikulo Célia anawapeza bambo ake pakhonde, atakweza nkhope kumwamba, akudonthezera m'maso mankhwala a m'kabotolo ka chivundikiro chobiriwira. Ankachita zimenezi mmawa, masana ndi madzulo kuyambira kale, chifukwa fumbi la mumsewu linkawafiiritsa maso.

"Mukuyeretsa maso kuti anthu asadziwe?" anafunsa Célia.

A Justino anatembenuza mutu wonse kuti amuone. "Ukuti chiyani, mwanangu?"

"Ndikuti mwatichititsa manyazi, Papa! Lestina akulephera kuyenda. Ine kusukulu akunditcha mwana wa chidakwa. Mumaima kutsogolo kwa mpingo mutakweza manja, kenako mukamwa kuseri. Bola mukanangomwera poyera ngati anzanu, osati kutinamiza!"

Bambo ake anatseka kabotolo kaja pang'onopang'ono, n'kukaika m'thumba la malaya.

Mayi ake, a Dailesi, anatulukira kuseri kwa nkhokwe ali ndi lichero la nyemba m'manja.

"Iwe, pakamwa pamenepo!" anatero. "Zaka makumi awiri ndakhala nyumba imodzi ndi bambo akowa. Fungo la mowa ndingalephere kulimva ine? Pali china chake. Alengeza kuti Lolemba kubwera madokotala a maso ochokera ku Tete, akhala masiku atatu pachipatala. Bambo ako apita, ndipo iwe uwaperekeza."

"Apite okha. Njira akuidziwa."

"Chipwitikizi cha madokotala akachimva bwanji? Upita, ndanena."

Zinali zoona. A Justino anakulira ku Malawi, kumene makolo awo anathawira nkhondo, ndipo sukulu yochepa imene anaphunzira inali ya kumeneko. Anabwerera kwawo ali kale mnyamata. Chipwitikizi chawo chinali chokambirana mtengo ndi okwera mota basi.

Lolemba analawirira wapansi. Célia ankayenda patali, ngati sali limodzi. Pachipatala anapeza mzere wa nkhalamba za ng'ala ndi amayi obereka ana a maso a manthongo, ndipo dzuwa linali litakwera pamene anaitanidwa.

Dokotala anali mayi wamfupi wa magalasi, dzina lake Olívia. Chichewa ankangodziwa moni. Anamuyang'ana Célia n'kufunsa m'Chipwitikizi ngati angathe kumasulira zonse, osasiyako ngakhale zowawa. Célia anavomera ndi mutu.

Poyamba a Justino anawerenga zilembo za pakhoma, ndipo ndi diso lakumanja anafika mpaka mzere wa zilembo zing'onozing'ono. Célia anapinda manja. Si izi, maso ali bwinobwino. Kenako dokotala anakhala moyang'anizana nawo, n'kuwauza kuti atseke diso limodzi, ayang'ane pamphuno pake, ndipo anene akangoona chala. Anatambasula mkono n'kuyamba kubweretsa chalacho kuchokera m'mbali, akuchigwedeza.

Célia ankachiona chalacho bwinobwino. Chinadutsa paphewa la dokotala. Chinafika pakhutu lake. Bambo ake anali duu, akudikira. Chinafika patsaya.

"Icho," anatero a Justino.

Dokotala anayesa kuchokera kumwamba, kuchokera pansi, kuchokera mbali inayo. Zinali chimodzimodzi. Pa diso lakumanzere, chala chinafika pamphuno penipeni, a Justino akudikirabe.

Manja a Célia anamasuka okha.

Dokotala anawadonthezera mankhwala, n'kugunditsa kachida kakang'ono padiso lililonse, n'kulemba. Kenako anaunika m'kati mwa maso ndi katochi kwa nthawi yaitali. Atamaliza anavula magalasi.

"Afunse ngati pali mankhwala amene amathira m'maso."

A Justino anatulutsa kabotolo kaja. Dokotala atawerenga pambali pake, nkhope yake inasintha.

"Anawapatsa ndani? Kwa nthawi yaitali bwanji?"

"Ndimagula pamsika, kwa a Orlando," anayankha a Justino. "Chaka chino n'chachitatu. Amathandiza kwambiri. Ukangothira, kuyabwa kumatha, maso mbee."

Dokotala anatenga pepala n'kujambula diso. Ankalankhula pang'onopang'ono, akuima kuti Célia amasulire.

"Papa, akuti m'kati mwa diso muli madzi amene amalowa n'kumatuluka. Mankhwala awa ndi amphamvu, amaperekedwa ndi dokotala kwa masiku ochepa okha. Munthu akawathira nthawi yaitali, kwa anthu ena amatseka njira yotulukira madzi aja. Ndiye madzi amachuluka n'kumapanikiza diso m'kati. Matendawa akuti ndi glaucoma."

"Koma sizipweteka," anatero a Justino.

"Akuti n'chifukwa chake ndi oopsa. Akuti kumbuyo kwa diso kuli kachikopa kopyapyala, retina. Pamenepo pali timaselo ta mitsempha tambirimbiri, timene timanyamula zimene diso laona n'kupita nazo ku ubongo. Tikapanikizika timayamba kufooka."

Dokotala anawonjeza timadontho pachithunzi chija, n'kunena mawu amene Célia anawamvapo kamodzi m'kalasi ya sayansi ya Química. Anaganiza kaye mmene angawafotokozere.

"Akuti thupi limapanga lokha mpweya wina, dzina lake óxido nítrico. Ukakhala wochepa ndi wabwino, umathandiza magazi kuyenda m'diso. Koma ofufuza aona kuti diso likavulala chonchi, mpweyawu umatha kuchuluka kupitirira muyezo, n'kuthandizira kupha timaselo tija. Zili ngati feteleza, Papa. Kachitsekerero ka botolo kamodzi paphando chimanga chimakondwa. Mukathira dzanja lonse, chimapsa."

A Justino anagwedeza mutu. Zimenezo anazimva. "Ndiye afunse, chopsacho chiphukanso liti?"

Célia anafunsa. Dokotala anayankha mwachidule, akumuyang'ana m'maso. Célia anayang'ana pazenera, anayang'ana pansi. Dokotala anamugwira dzanja n'kumukumbutsa zimene analonjeza.

"Akuti timaselo timeneti tikafa sitiphukanso," anatero Célia. "Timayamba kufa ta m'mbali. Diso lakumanzere latsala pang'ono kutheratu. Lakumanja latsala pakati pokha. Akupatsani mankhwala ena otsitsa madzi aja, muzithira tsiku lililonse, ndipo mwezi wamawa mupite ku Tete. Akuti chotsalacho tingathe kuchiteteza. Koma mota, Papa, akuti musakwerenso."

Atatuluka anakhala pabenchi pansi pa mtengo wa bulugamu. Kabotolo kobiriwira kaja dokotala anakasunga, koma anawapatsa pepala limene analembapo dzina la mankhwalawo, n'kunena kuti aliyense amene amawathira abwere asanachoke Lachitatu.

"Munkadziwa," anatero Célia. "Munkadziwa kuti simukuona bwino."

"Chaka chatha ndi pamene ndinayamba kuzindikira. Zinali ngati ndikusuzumira m'nsungwi."

"Ndiye osanena? Munkakweza anthu, Papa! Amayi apakati, ana asukulu! Anthu akukutchani chidakwa pamsika, inu chete. Mpingo ukukuimitsani, inu chete. Ine ndikukunyozani pakhonde, inu chete! Chifukwa chiyani?"

A Justino anapukuta manja pamaondo. "Chidakwa chikasiya mowa, anthu amayambanso kukwera mota yake. Wakhungu amamukwera ndani? Ndinaona kuti dzina la uchidakwa n'lopepukirapo." "Ndinalakwa. Magazi a mwana uja ali pa ine, osati pa wina."

Célia anaimirira. Sankadziwa kuti akwiyire ndani poyamba. Koma miyendo yake inkadziwa kopita.

Célia anawapeza a Orlando akukonza katundu pabaraka. Pakati pa sopo ndi mabatire panali katoni yotsegula, timabotolo ta zivundikiro zobiriwira titandandalika ngati mazira.

"Mwana wa a Justino," anatero akumwetulira. "Bambo ako mowa wawatha m'mutu?"

Célia anatola kabokosi kamodzi, n'kusolola kapepala kopindapinda ka m'kati mwake. "Munayamba mwawerengapo ichi?"

"Ika pansi katundu wanga."

"Ndikufunsa, munawerengapo?" Mawu ake anakwera, ndipo amayi ogulitsa mbatatesi anatembenuka. "Apa alemba kuti osagwiritsa ntchito popanda dokotala. Apa alemba kuti angathe kuwononga maso. Zaka zitatu mukuwagulitsa bambo anga zimenezi! Lero dokotala wanena kuti diso limodzi lapita. Ndipo ndinu amene munayamba kukuwa kuti aledzera!"

"Ine sindinakakamize munthu," anatero a Orlando. "Amabwera okha. Kodi maso sayera? Afunse anzawo onse a mota ngati sayera!"

"Amayera, inde, uku akufa m'kati!"

"Timalemba ting'onoting'ono timeneto amawerenga ndani? Ine ndimangooda. Ndine dokotala ine?"

"Ngati si inu dokotala, mumagulitsiranji?"

Anthu anali atazungulira baraka. Célia anagwira m'mphepete mwa tebulo, ndipo akanaligubuduza ndi sopo yemwe, koma dzanja linamugwira paphewa. Anali bambo ake, amene anamutsatira pang'onopang'ono kuchokera kuchipatala.

"Tebulo silinalakwe," anatero. "Tiye uko."

Anamutengera pansi pa mtengo wa mkuyu pamene a mota amadikirira okwera. Analipo asanu ndi awiri, ena atagona pamipando ya mota zawo. Ataona a Justino anayang'ana kumbali mwamanyazi.

"Anzanga," anatero a Justino, "amene ali ndi kabotolo kobiriwira m'thumba akatulutse."

Kenako José anapisa m'jekete. Wina anatsegula pansi pa mpando wa mota. Timabotolo tinatuluka tisanu.

A Justino anafotokoza zonse okha, osabisa kanthu, ngakhale za chaka chimene anakhala akukweza anthu akudziwa kuti sakuona bwino. Atamaliza, wina anaseka mwamantha n'kunena kuti iye amaona ngakhale nyerere ili kutsidya la msewu.

"Bambo anganso zilembo zazing'ono anawerenga," anatero Célia. "José, tsekani diso limodzi. Yang'anani pamphuno panga. Mukaona chala munene."

Ndi diso lakumanja José anachiona chala chidakali kutali. Ndi lakumanzere, chochokera m'mbali anachiona msanga, koma chochokera kumwamba chinatsika mpaka pachipumi cha Célia iye asananene kanthu. Anzake amene ankaonerera anasiya kuseka.

"Ine si dokotala," anatero Célia. "Mwina ndalakwitsa. Koma amene amadziwa achoka Lachitatu."

José anayang'ana kabotolo kake, n'kuyang'ana kubaraka ya a Orlando. Anapita n'kukakaika patebulo paja. Anzake anayi anachita chimodzimodzi, mmodzimmodzi, anthu akuonerera. Kenako analiza mota zawo kulowera kuchipatala.

Mwa asanuwo, awiri anawapeza ndi madzi okwera m'maso, José ndi mnzake wina, koma dokotala anati afika nthawi idakalipo. Lachiwiri anthu a zaumoyo anabwera pamsika n'kunyamula katoni ija pamodzi ndi mankhwala ena onse a pabarakapo. A Orlando anatsala ndi sopo ndi mabatire, akudandaulira aliyense wodutsa kuti kamtsikana kopanda mwambo kawaonongera malonda. Akuluakulu a mpingo anabweranso pansi pa mtengo wa pichesi, ulendo uno zipewa zili m'manja. Célia anawayalira mphasa, koma moni wake unali wouma. Anthu onsewa anali ndi maso awiriawiri abwino, ndipo panalibe mmodzi amene anafunsa chimene chinkawavuta bambo ake. Atangoganiza zimenezo anakumbuka kuti nayenso sanafunse, ndipo analowa m'nyumba.

Lachitatu masana a Justino anavala malaya awo a kutchalitchi. Mota inali itatsamira m'chipinda, itafundidwa chiguduli, kudikira mng'ono wawo wa ku Ntengo-Wambalame kuti adzaitenge. A Dailesi anamanga nkhuku miyendo n'kumupatsa Célia. Ankapita kwa makolo a Lestina kukapepesa.

Njira yake inkadutsa m'minda ya fodya, yopapatiza, ya mizu ndi maenje. Célia anakolekera nkhuku m'khwapa, n'kuwagwira bambo ake pamkono wakumanzere. Ankawauza pamene pali chitsa, pamene pali ngalande. Anayenda choncho mpaka pamtsinje.

"Papa," anatero, "mawu aja ndinanena pakhonde."

"Unanena zimene unkaona."

"Ayi. Ndinanena zimene anthu ankanena. Ndikhululukireni."

A Justino anaima. Anatembenuza mutu uku ndi uku kumufunafuna, mpaka nkhope yake inalowa m'kadanga kamene kanawatsalira. Anamuyang'ana nthawi yaitali, kuyambira pachipumi mpaka pachibwano, ngati munthu amene akuloweza nyimbo.

"Zatha zimenezo," anatero. "Koma usamayende pambali panga. Ukakhala pamenepo ndimangomva mawu, ngati ndili ndekha. Pita kutsogolo."

"Nanga mukapunthwa?"

"Ndiponda pamene waponda iwe. Pita kutsogolo, mwanangu, ndizikuona."

Célia anasiya mkono wawo, n'kupukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja. Analowa pakati penipeni pa njira, ndipo anayamba kuyenda pang'onopang'ono, osakhotera kumanja kapena kumanzere.